Walira mvula walira matope: kugula ndi kusamala njinga yaliwiro yoyendapo kale

Lamulungu m'mamawa, mabelu a m'matchalitchi asanayambe kuitana, mumsewu wolambalala mzinda wa Lilongwe mumamveka kulira kosafanana ndi kwa galimoto iliyonse. Kumayambira pansipansi ngati njuchi zili m'mphako, kenaka n'kumakwera, kukwererakwererabe, mpaka kumveka ngati wina akung'amba nsalu yatsopano. Anyamata a kabaza amene aima pa siteji amadukiza nkhani zawo, onse maso kumsewu. Pomwe mukuti muonetsetse, chinthucho chadutsa kale: munthu wagonera pa thanki, kanyali kofiira kakuzimiririka chapatali.

Mng'ono wanga adamva kulira kumeneko akadali pa sukulu, ndipo sikudamuchokenso m'makutu. Atayamba ntchito adasunga ndalama zaka zitatu, akudzimana ngakhale nsapato, ndipo tsiku lina adafika kwathu foni ili m'manja. "Achimwene, ndaipeza," adatero akundionetsa chithunzi cha pa Facebook. Idali Suzuki GSX-R1000 ya 2005, yabuluu ndi yoyera, yonyezimira ngati angoitulutsa kumene m'katoni.

Nkhani ino ndi ya zimene tidaphunzira kuyambira tsiku limenelo. Ndikuilemba chifukwa njinga zoterezi zayamba kuoneka kawirikawiri m'mizinda yathu, ndipo ambiri ozigula amawerengera ndalama yogulira yokha, osadziwa kuti imeneyo ndi ya pakhomo chabe. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Yobadwira pa bwalo la mpikisano

Kuti timvetse chifukwa chake njingayi imadya ndalama, tiyambe tadziwa mtundu wake. M'chaka cha 1985 kampani ya Suzuki idatulutsa GSX-R750, njinga imene kwenikweni idali ya mpikisano, kungoti adaiika nyali ndi magalasi kuti iloledwe pamsewu. Mu 1992 Honda idayankha ndi CBR900RR Fireblade, ntchito ya injiniya Tadao Baba, amene adalimbikira kupeputsa chitsulo chilichonse chimene chikadatha kupeputsidwa. Yamaha idabwera ndi R1 mu 1998. Chaka chotsatira Suzuki Hayabusa idapyola makilomita 300 pa ola, mpaka makampaniwo adagwirizana okhaokha kuti njinga zawo zizilekezera pa liwiro limenelo.

GSX-R1000 ya 2005, imene okonda njinga amangoitcha K5, ndi mdzukulu wa mbumba imeneyi. Injini yake ndi ya 999cc, masilinda anayi, mavalavu 16, ndipo monga amayezera a zamainjini, ili ndi mphamvu za akavalo oposa 170. Mphamvu zonsezo zimakankha njinga yolemera makilogalamu 166 okha isanathiridwe mafuta ndi madzi. M'chaka chomwecho cha 2005, Troy Corser wa ku Australia adatenga nayo chikho cha World Superbike.

Tsono taganizani za njinga ya kabaza imene tonse timaidziwa. Injini yake ndi ya silinda imodzi, ya 100cc kapena 150cc, mphamvu zake ndi za akavalo pafupifupi 10. Ndi njinga yokhululuka. Oyilo akachedwa kusinthidwa imayendabe, waya akaduka amangolumikiza, ndipo masipeya ake ali pa msika uliwonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. K5 kukhululuka sikudziwa. Injini yake imazungulira maulendo oposa 13,000 pa mphindi, ndiye kuti oposa 200 pa sekondi imodzi. Mpata wa pa mavalavu ake olowetsa mpweya uyenera kukhala pakati pa mamilimita 0.10 ndi 0.20, kukhuthala kwa pepala limodzi kapena awiri. Ukachoka pamenepo, injini imayamba kudzidya yokha mwakachetechete.

Kuwonjezera apo, njinga ya 2005 ndi nkhalamba ya zaka zosachepera 20. Yadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo anthu ogula njinga zotere sagulira kupita nazo kuchigayo. Chimene mukugula ndi khalidwe la anthu onse amene adaikwerapo: amene ankasintha oyilo nthawi yake, ndi amene ankaiimika ndi tayala limodzi pamaso pa anzake. Ntchito ya wogula ndi kuwerenga mbiri imeneyo pa mapepala ndi pa zitsulo.

Mapepala kaye, njinga pambuyo

Njinga zambiri zotere zimatifika kuchokera ku Joni, ku Japan kapena ku Britain, ndipo dziko lililonse lili ndi zizindikiro zake zimene wogula ayenera kudziwa.

Ku South Africa mapepala a galimoto ndi njinga amakhala ndi nambala yosonyeza mbiri yake. Code 1 ndi yatsopano, Code 2 ndi yoyendapo kale, Code 3 ndi yomangidwanso itaphwanyika kwambiri, ndipo Code 4 ndi yoti idachotsedwa pamsewu mpaka kalekale. Njinga ya Code 3 imatsika mtengo, n'chifukwa chake imakopa ogula a kuno. Koma ngakhale Code 2 si umboni wakuti njinga sidachitepo ngozi, poti zina zimakonzedwa n'kugulitsidwa mapepala osasintha. Pofuna kuidutsitsa m'malire pafunikanso chikalata cha apolisi cha SARPCCO, chotsimikiza kuti si yakuba. Wina akakuuzani kuti "mapepala akubwera, tengani kaye njinga", bwezani ndalama yanu m'thumba.

Ku Britain, kuyambira mu 2017, njinga yowonongeka pangozi imatha kulembedwa Category N ngati felemu idapulumuka. Mbiri ya mayeso a chaka ndi chaka a MOT imapezeka ulere pa intaneti mukakhala ndi nambala ya njingayo, ndipo imaonetsa makilomita a chaka chilichonse. Ngati sipidomita idabwezedwa m'mbuyo, mudzaonera pomwepo.

Za ku Japan zili ndi nkhani yakeyake. Njinga zopangidwira msika wa m'dzikomo zinkaikidwa malire a liwiro a makilomita 180 pa ola, ndipo zina zinkachepetsedwa mphamvu. Honda CBR1000RR ya 2004 ya msika wa ku Japan idali ndi mphamvu za akavalo 94 zokha, pomwe inzake yotumizidwa kunja idali ndi pafupifupi 170. Maonekedwe ndi amodzimodzi, koma kompyuta ya injini ndi zipangizo zina n'zosiyana, ndipo zimenezi zimadzavuta poitanitsa masipeya.

Kulikonse kumene njinga yachokera, nambala yodindidwa pakhosi pa felemu igwirizane ndi ya pa mapepala, chilembo ndi chilembo. Pa njinga zopangidwira misika ya kunja kwa Japan nambalayo imakhala ya zilembo ndi manambala 17. Ya Suzuki yopangidwa ku Japan imayamba ndi JS1, ya Yamaha JYA, ya Honda JH2, ya Kawasaki JKA. Pakaoneka kuti padapalidwa kapena kudindidwanso, nkhani yathera pomwepo. Ngati njinga ili kale m'dziko muno, onani umboni wakuti msonkho wa MRA udalipidwa, ndipo kusintha umwini mukachitire limodzi ndi wogulitsayo ku Road Traffic. Njinga yolowera njira zachidule imatsika mtengo lero, mawa n'kukagona ku polisi.

Musaiwalenso makiyi. Njinga zambiri za zaka zimenezi zili ndi kachipangizo m'kiyi kamene kamalankhulana ndi kompyuta ya injini. Honda amakatcha HISS. Yamaha amapereka kiyi wofiira, amene ndiye amalembetsa makiyi atsopano. Wogula R1 kapena R6 yopanda kiyi wofiirayo, tsiku lodzataya wakuda adzapezeka akufunafuna kompyuta ndi loko zatsopano.

Chikomekome cha mkuyu

Tidapita kukaiona njinga ya pa chithunzi ija Loweruka m'mawa, titatengana ndi makaniko wina wachikulire amene adagwirapo ntchito m'galaja ya njinga zikuluzikulu ku Joni asanabwerere kumudzi. Tidali titamupempha mwini wake kuti asailize tisanafike. Tidaipeza itaimikidwa pakhonde, yopukutidwa mpaka munthu kudzionera nkhope pa thanki. Mng'ono wanga adaizungulira kawiri, mano onse pamtunda.

"Ilibe vuto lililonse, mabwana," adatero mwini wakeyo. "N'kungothira mafuta, ulendo."

Madala aja sadayankhe. Adagwada, n'kulowetsa dzanja kuseri kwa mapulasitiki, kukhudza injini ndi kunja kwa zala. Idali yofunda. Adandiyang'ana osanena kanthu. Injini yotenthetsedwa kale imabisa zambiri: kuvuta kulira m'mawa, utsi wabuluu wa oyilo amene akupsa, ndi kugogoda kwa tcheni ya m'kati mwa injini, kumene kumamveka bwino m'masekondi oyambirira.

Kenaka adapotoza mahandulo mpaka kumapeto, kumanzere ndi kumanja, n'kuunika ndi tochi ya pa foni pakhosi pa felemu. Pamenepo pamakhala tizitsulo timene timaletsa mahandulo kugunda thanki. Kamodzi kadali kowotcherera, utoto wake wakuda ukadali watsopano.

"Mwanawe, tabwera udzaone," adatero kwa mng'ono wanga. "Aka sikathyoka njinga ikangogwa chiimire. Iyi idagubuduzika."

Atangotero, zina zonse zidayamba kudzionetsa. Mapulasitiki onyezimira aja adali ogula kumene, osakhala a kampani, ndipo mabowo ake sankakumana bwino ndi mabawuti. Bawuti yotulutsira oyilo kunsi kwa injini idali ndi kabowo kopyoza. Amaboola chotere ndi anthu a mipikisano, kuti amangepo waya bawutiyo isamasuke pa bwalo. Shoko imodzi yakutsogolo idali ndi chinyezi cha oyilo. Mafuta a mabuleki, amene amayenera kukhala oyera mbee ngati mafuta ophikira, adali bii ngati tiyi wopanda mkaka. Pa tayala lakumbuyo madala adatilozera manambala anayi amene amakhala kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT. Padalembedwa 2314. Awiri oyambawo ndi sabata, awiri omalizawo ndi chaka: sabata ya 23 ya 2014. Mizere ya tayalalo idali yakuya bwinobwino, koma mphira wake udali utauma gwa ngati chikopa cha ng'oma.

Sitidailize n'komwe. Pobwerera mng'ono wanga adangoti duu njira yonse. Titatsala pang'ono kufika, madala adamugwira paphewa. "Usadandaule, mwanawe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero wapulumutsa ndalama, mwinanso mwendo."

Yosaoneka bwino, koma ya faelo

Padapita miyezi inayi tisanapeze ina. Iyi idali K5 yakuda, thanki itaperepeseka pamene zipi ya jekete inkakhula, mpando utayamba kusuluka. Mwini wake, bambo wa imvi za apo ndi apo, asanationetse njinga adayamba watulutsa faelo. M'menemo mudali malisiti a oyilo, a matayala, a tcheni, ndi pepala la galaja losonyeza tsiku limene mavalavu adayezedwa komanso makilomita ake.

Injini idali zii. Madala adayeza batire ndi kamita kawo, lidaonetsa mavoti 12.6. Atailiza idadzuka nthawi yomweyo, popanda utsi, popanda kugogoda. Atakweza moto pang'ono, mita idakwera kufika pa 14. Muyezo umenewu ndi wofunika kwambiri, chifukwa pa njinga zambiri za ku Japan za nthawi imeneyo kachipangizo kowongolera magetsi, kotchedwa regulator rectifier, kamapsa ndi kutentha. Mita ikalephera kufika pa 13.5 kapena ikapyola 15, dziwani kuti batire silikhalitsa, ndipo tsiku lina njinga idzakuzimirani pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Adaonanso ngati nyali yofiira ya FI ikuzima injini ikalira. Ikamayakabe, ndiye kuti kompyuta ikudandaula. Pa ma GSX-R madandaulo odziwika ndi C28 ndi C46, okhudza timamota timene timatsegula njira ya mpweya ndi ya utsi.

Adaisiya ikulira mpaka fani ya rediyeta idadzuka yokha, kenaka adaikwera. Atabwerako adafotokoza zimene ankafufuza. Giya yachiwiri adaikoka mwamphamvu, poti pa njinga yozunzidwa ndiyo imayamba kudumpha, ndipo kuikonza n'kung'amba injini yonse. Pa giya yapamwamba adatsegula moto kuti amve ngati kilatchi ikuterera. Pa msewu wowongoka adafewetsa manja kuti aone ngati njinga ikukokera mbali imodzi. Pogwira buleki ankamvetsera ngati chogwirira chikunjenjemera, chizindikiro cha madisiki opindika.

Chotsiriza chidali chakuti njingayo idapitako kapena ayi pamene kampani idaziitanitsa. Mu 2009 Suzuki idaitanitsa ma GSX-R1000 a 2005 ndi 2006 kuti felemu iunikidwe ndi kuikidwa chitsulo cholimbitsa kuseri kwa khosi, kutapezeka kuti ina inkachita ming'alu. Mu 2013 idaitanitsanso ma GSX-R ambiri chifukwa cha pampu ya buleki yakutsogolo, imene inkachita dzimbiri m'kati, buleki n'kumafewa. Si Suzuki yokha: Yamaha nayo idaitanitsa R1 ya 2015 chifukwa cha magiya. Mtundu uliwonse uli ndi nthenda zake zodziwika, ndipo wogula azifufuze asananyamuke kunyumba. Pa njinga yathuyi chitsulo cholimbitsa chija chidalipo, ndipo pepala la buleki lidali m'faelo.

Mng'ono wanga adagula. Koma madala adamuletsa kupereka ndalama yonse imene adasunga. Langizo lawo lidali lakuti gawo limodzi mwa magawo anayi litsale m'thumba, chifukwa njinga yoyendapo kale, ngakhale yosamalidwa chotani, imayamba ndi kusinthidwa oyilo, mafyuluta, mafuta a mabuleki ndi madzi a rediyeta. Ukatero umadziwa pamene kuwerenga kwako kwayambira.

Matope aja

Buku la kampani limanena zonse momveka. Oyilo asinthidwe pa makilomita 6,000 aliwonse, mapulagi pa 12,000, mavalavu ayezedwe pa 24,000, mafuta a mabuleki a DOT 4 asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Koma bukulo lidalembedwa poganizira misewu ina. Kuno kwathu kuli zake zimene zimafupikitsa manambala amenewa.

Choyamba ndi oyilo. Kilatchi ya njingayi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Oyilo wambiri wa galimoto ali ndi mankhwala oterereretsa amene amachititsa kilatchi yotere kuterera. Wofunika ndi wa njinga, wa 10W-40, wolembedwa JASO MA kapena MA2 pa botolo, wogulidwa pamalo odalirika ali chitsekere. Injini imamwa malita atatu ndi pang'ono. Oyilo wopimidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu asayandikire n'komwe.

Chachiwiri ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mpweya wa kuno umakhala wodzaza dothi, ndipo njingayi imakoka mpweya kudzera m'mphuno ziwiri zakutsogolo, molunjika kumene galimoto ya patsogolo ikutifula fumbi. Fyuluta ya mpweya imafuna kuonedwa pafupipafupi kuposa mmene buku likunenera. Fumbi lomwelo likasakanikirana ndi mafuta a pa tcheni limasanduka phala lopala zitsulo.

Loweruka lililonse mumupeza mng'ono wanga kuseri kwa nyumba, njinga itakwezedwa pa sitandi, iye atakhala pa chitini. Dzanja lina lagwira mswachi wakale, lina likuzunguza tayala pang'onopang'ono, injini ili chizimire. Amaviika mswachi m'palafini, n'kutsuka mfundo imodziimodzi mpaka chitsulo chiwale. Petulo sagwiritsa, poti amawononga timphira timene timasunga gilizi m'kati mwa mfundozo. Akapukuta ndi kansanza amathira mafuta a tcheni cham'kati, kenaka amayeza kulendewera kwake ndi lula, kuti kukhale pakati pa masentimita 2 ndi 3. Ikathina kwambiri imawononga mabering'i, ikalendewera imatha kuvuka n'kumanga tayala. Ikatha, imasinthidwa pamodzi ndi mawilo ake awiri a mano, chifukwa tcheni yatsopano pa mano akale sichedwa kutha.

Chachitatu ndi mafuta. Kuyambira mu 1982 petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, woyamba kupangidwa ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Njinga ikamayenda tsiku ndi tsiku palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Vuto limabwera ikaima miyezi, monga nthawi ya dzinja, chifukwa ethanol amakoka chinyezi, ndipo madziwo amakhazikika pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri limene limatseka pampu ya mafuta. Choopsa kuposa apo ndi petulo wa m'zigubu, amene timathamangira mafuta akasowa m'mafilin'gi siteshoni. Palibe amadziwa chimene chathiridwamo. Injini ya kabaza imatha kumeza n'kupirira, koma iyi, imene imapanikiza mafuta ndi mpweya mwamphamvu kwambiri, imagogoda n'kuwononga mapisitoni. Thanki yake ndi ya malita 18, okwanira makilomita pafupifupi 250. Ulendo wa ku Blantyre kuchokera ku Lilongwe ndi woposa makilomita 300, choncho mafuta akavuta pa Ntcheu, ulendowo ndi bwino kuusiya.

Chachinayi ndi msewu weniweniwo. Mimba ya K5 ili masentimita 13 okha kuchokera pansi. Mahampu ataliatali a m'matauni amakhula mapaipi a utsi, ndipo dzenje limodzi lolowedwa mothamanga limapinda limu kapena kuphulitsa timphira ta m'mashoko. Oyilo wa shoko akayamba kudontha amatsikira pa disiki ya buleki. Chimenecho si chinthu chodikira malipiro a mwezi wamawa.

Ndiye pali matayala, amene ndiwo amadya ndalama kuposa china chilichonse. Lakutsogolo ndi 120/70 ZR17, lakumbuyo 190/50 ZR17, ndipo mpweya wake ndi 2.5 bar kutsogolo, 2.9 kumbuyo, woyezedwa matayala ali ozizira. Mphira wake ndi wofewa dala kuti uzimata pa phula, n'chifukwa chake lakumbuyo limatha pa makilomita masauzande ochepa chabe. Peyala imodzi imameza malipiro a mwezi wathunthu a anthu ambiri apantchito. Komabe moyo wonse wa wokwera watsamira pa timalo tiwiri tokhudza msewu, kalikonse kosaposa chikhatho cha dzanja.

Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa fyuluta, tayala ndi mabuleki udakwera tsiku lomwelo, malipiro ali pomwepo. Masipeya ambiri amachokera ku Joni, kudzera mwa abale kapena pa mabasi, ndipo amatenga masabata. Mwini njinga wanzeru amaitanitsa chinthu chisanathe, ndipo amatchula nambala yake yeniyeni ya kampani. Amasankhanso makaniko mosamala. Amakaniko athu a njinga za kabaza ndi aluso pa ntchito yawo, koma injini iyi ndi ya aluminiyamu, mabawuti ake amamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo nyundo ndi tchizulo zilibe malo pamenepa. Makaniko amene amatsegula buku asanatsegule injini, ameneyo ndiye wanu.

Chipangizo chosagulika

Pali chinthu chimodzi pa njingayi chimene sichingaitanitsidwe ku Joni: wokwerayo. K5 ilibe ABS, ilibe makina oletsa tayala kuterereka monga zilili njinga zatsopano. Chilichonse chili m'dzanja lamanja la munthu. Giya yoyamba yokha imapyola makilomita 130 pa ola, liwiro loposa lovomerezeka pa msewu uliwonse m'dziko muno.

Masamu ake ndi osavuta. Pa makilomita 100 pa ola, njinga imadutsa mamita 28 pa sekondi. Pa 200, imadutsa mamita 56, ndiye kuti bwalo lonse la mpira latha masekondi awiri asanakwane. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Tsono kumbukirani msewu wa M1 mmene ulili: mbuzi zodumpha mwadzidzidzi, ngolo zopanda nyali, njinga zakapalasa zosenza makala, ana ochokera ku sukulu, ndi msika wa pa Lizulu umene tomato ndi mbatata zake zimafika m'mphepete mwenimweni mwa phula. Mayi amene akuwoloka ndi dengu pamutu amayeza mtunda poganizira liwiro la minibasi. Sangadziwe kuti kanyali kali kutali kaja kafika iye asanaponde kachitatu. Wokwera njinga yotere wanyamula moyo wake ndi wa anthu amene sadapemphe nawo ulendowo.

N'chifukwa chake munthu asayambire pa 1000cc. Mng'ono wanga adakwera njinga yaing'ono zaka zinayi asanaikhudze iyi, ndipo ngakhale ya 600cc, monga Yamaha R6 kapena Honda CBR600RR, si ya wophunzira. Laisensi ikhale ya gulu A, la njinga zoposa 125cc, inshulansi ikhale yamoyo. Helimeti ikhale yophimba nkhope yonse, ya muyezo wa ECE 22.05 kapena 22.06, yogula yatsopano, poti yogwapo kale imatha kusweka m'kati kunja kuli bwinobwino. Bungwe la WHO lakhala likunena kuti helimeti yovalidwa bwino imachepetsa imfa ndi 42 peresenti, ndi kuvulala kwa mutu ndi 69 peresenti. Jekete ya zotetezera m'zigongono ndi kumsana, magolovesi, buluku lolimba ndi jombo zophimba akakolo ndi mbali ya mtengo wa njinga. Amene adalowapo m'mawodi a mafupa ku Kamuzu Central kapena ku Queens amadziwa chimene phula limachita ndi thupi la munthu.

Kwa abale athu okhala ku Joni, mwayi ulipo woilola njinga kuchita chimene idabadwira. Mabwalo ngati Zwartkops kufupi ndi Pretoria, Red Star kufupi ndi Delmas, ndi Killarney ku Cape Town amakhala ndi masiku a anthu wamba, pomwe pali alangizi ndi ambulansi, ndipo aliyense akulowera kumodzi. Kuno kwathu kukoma kwa njingayi kuli kwina: kukhota mwaukhondo m'makona a Khwekhwerere potsikira ku Golomoti m'mawa kukadali kozizira, pa liwiro loti mbuzi ikatulukira uima.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, tayala lakumbuyo la mng'ono wanga lidafika pa mzere wosonyeza kuti latha. Latsopano adali ataitanitsa, koma lidachedwa m'njira masabata asanu ndi limodzi. Anzake ankadutsa Lamulungu lililonse akuimba mahutala pageti. Wina adamupezera tayala lakale la saizi ina, wina adamuuza kuti lomwelo likhoza kufika ku Salima n'kubwerako. Iye adakana. Adadzaza thanki kuti isachite dzimbiri, adachotsa batire n'kumalitchaja m'nyumba, njinga n'kuifunditsa nsalu.

Ndidamupeza Loweruka lina atakhala pa chitini chake chija, akulemba m'kope la sukulu limene amasungamo tsiku ndi makilomita a chilichonse chimene wasintha. Ndidamufunsa ngati mtima sukumupweteka kumva anzake akulira mumsewu iye ali pakhomo.

"Ukupweteka, achimwene," adayankha osadzutsa mutu. "Koma ndikufuna ndidzaikwerenso chaka chamawa."

Tayala lidafika Lachitatu. Lamulungu lotsatira, mabelu asanayambe kuitana, ndidamva kulira kuja kukuyambira pansipansi kuseri kwa nyumba. Adaisiya itenthe kaye, adayeza mpweya, adamanga lamba wa helimeti pachibwano, ndipo adatuluka pageti pang'onopang'ono, poti ana a aneba ankasewera panjira.